Mipira ya a Nkhoma Imene Ndinachapa

Lachinayi lapitali chinakwana chaka chimwalirireni a Nkhoma. Mai Tembo, mayi wa ku Zambia amene amatsogolera azimayi kutchalitchi kwathu ku Mulhuddart, anandiimbira foni ndili m'basi.

"Iwe Nabanda, uziba ni date bwanji lelo?"

Ndinati ndikudziwa.

"Manje ulembe za ba Nkhoma. Ndiwe wa ma degree. Ise tilemba chabe ma report ya ma shift."

Ndiye ndalemba, ngakhale kuti mwa anthu onse amene anawadziwa kuno ku Dublin, ine ndi amene ndinawalakwira kwambiri. Mwina n'chifukwa chake Mai Tembo anasankha ine. Mayi ameneyu sachita kanthu mwangozi.

A Nkhoma anali munthu wamfupi, wa chifuwa chotambalala ndi miyendo ya matewe. Zala za dzanja lawo lamanja zinali zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa, chilichonse kuloza kwake. Mpando sankaukonda. Podikira basi ankanjuta, pomwa tiyi ankanjuta, ngakhale pa mapemphero a m'nyumba ankasiya sofa n'kukanjuta pakona, zigongono zili pamaondo. Kangapo konse azimayi a kuno anaima n'kuwafunsa ngati aitane ambulansi. Iwo ankangovula chipewa n'kuthokoza, osadzuka.

Ntchito yawo inali yoika matailosi m'nyumba zatsopano za ku Citywest. Zaka zimenezo Dublin ankamangidwa ngati mawa kulibe. Ku Ballymun ankagwetsa nyumba zitalizitali zija, kwina konse n'kumadzutsa zina, ndipo aliyense wodziwa kugwira simenti ankasankha yekha bwana. A Nkhoma anabwera kuchokera ku Italy ndi gulu la amisiri anzawo mkazi wawo atamwalira. Anzawo anabwerera, iwo n'kutsala. Ankati ku Italy khoma lililonse linkawafunsa za malemuwo, pamene makoma a ku Dublin sankawadziwa.

Ine ndinakumana nawo sabata yoyamba nditabwera kudzachita maphunziro. Ndinali pa siteji ya basi, ndikunjenjemera m'kajuzi kopyapyala, ndikutukwana mphepo m'Chichewa poganiza kuti palibe akundimva. Munthu amene ananjuta pambali panga anandifunsa mfunda wanga. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la pa pasipoti linatha ntchito, ndinasanduka Nabanda. Mawa lake anandibweretsera jekete ya antchito omanga, yachikasu chothobwa m'maso, ndipo ndinaivala nyengo yonse yozizira mopanda manyazi.

Zoti ndi Mmalawi kapena Mzambia, nkhaniyo sinagamulidwe mpaka imfa yawo. Anabadwira ku migodi ya kopa ku Zambia, koma bambo awo anali a ku Dowa. Mu July ankapezeka kuphwando la ufulu wa Amalawi, mu October n'kupezekanso kwa Azambia, ndipo ukawafunsa ankati munthu wanzeru sakangana ndi mbale yodzadza. Chichewa chawo chinali cha mbali zonse ziwiri, koma akapsa mtima chinkatuluka Chitaliyana, manja ali m'mwamba.

Kuphwando lina lotere, wina anawafunsa chimene chinakhotetsa zala zawo. Anayankha mosanyada kuti anasewera besibolo ku Italy zaka zambiri, ndipo imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yowadyetsa. Azibambo athu, amene amadziwa mpira wa miyendo wokha, anaseka chikhakhali. Wina anati, "Ndiye madala, munkalandira salary chifukwa chonjuta?" A Nkhoma anaseka nawo limodzi, koma pagulu sanaitchulenso nkhaniyo. Inenso ndinaseka. Mumtima ndinkati nkhalamba iliyonse ili ndi nkhondo yake imene inapambana yokha popanda mboni.

Kwa amene sakuwadziwa masewerawa, chofunika kumva n'chochepa. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amayesa kukamenya ndi chibonga, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta munthu wachitatu atavala chisoti cha mawaya kumaso, kuti awakhe mpira ukaphonyedwa. A Nkhoma anali wachitatuyo. Za iwo eni sankakamba, koma za ntchito ya wowakha ankatha kukamba mpaka tiyi kuzizira. Ankati wowakha ndi yekhayo amene amayang'ana bwalo lonse, anzake onse amayang'ana iye. Ankatinso kuwakha mpira woponyedwa bwino si luso, ngakhale wansembe angawakhe. Ntchito yeniyeni imabwera mnzako akaponya molakwika, mpira n'kugunda pansi. Pamenepo umaika chifuwa patsogolo kuti usadutse, kenako umadzuka ngati palibe chachitika, n'kumubwezera mpirawo osamuyang'ana ndi diso loipa. Woponya akaona nkhope yako yakwinyika, dzanja lake limafa, ndipo masewera amathera pomwepo. Ndinamva zimenezi kambirimbiri, ndipo ndinkangoti ndi nkhani za mpira.

Ndi Mai Tembo ankakangana chaka chonse, makamaka za Lamlungu. Nyengo yotentha ikafika, a Nkhoma ankabwera kutchalitchi atanyamula chikwama cha masewera, n'kuzemba nyimbo yomaliza isanathe, ulendo wa ku bwalo la ku Clondalkin kumene ankaphunzitsa azibambo a kuno ndi ena ochokera ku America kagwiridwe ka mpira. Mai Tembo ankawatsekera pakhomo.

"Ba Nkhoma, mwayamba futi? Service ikalibe kusila!"

"Amai, Mulungu wamva kale zanga zonse. Koma aja ku field sanamve kanthu, akuponya ngati akuthamangitsa nkhuku."

Ankangodutsa, Mai Tembo n'kutsala akupukusa mutu. Koma chakudya chikatsala pambuyo pa mapemphero, ndi Mai Tembo yemweyo amene ankawapakulira m'kontena n'kundipatsa kuti ndikawasiyire.

Mkangano wanga ndi iwo unali wa ukhondo. Ndivomere, ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankatsuka ngakhale sopo. Nyumba ya a Nkhoma inkandiyabwa. Chigolovesi chawo chowakhira mpira chinkanunkha mafuta ndi thukuta la zaka, koma ankachigoneka pa pilo. Ndipo pawindo la pabalaza panali mipira khumi ndi iwiri, uliwonse utakhazikidwa pa chitsekero cha botolo la jamu kuti usagubuduke. Inali yakuda ndi dothi, ina yachikasu, yokhwatchidwakhwatchidwa ndi inki yofufuma. Tsiku lina ndinangotambasula dzanja ndi kansanza, iwo n'kundiuza kuti pawindopo ndisiye. Sanafotokoze chifukwa, ine sindinafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chaka chachiwiri ndili kuno, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, a Nkhoma anagwa kuntchito. Inali sitiroko. Anakhala m'chipatala masabata atatu, mbali yamanzere itafooka, mawu akutuluka limodzilimodzi. Titamva kuti atuluka Lolemba, Mai Tembo anatisonkhanitsa n'kunena kuti tichite monga kwathu: wodwala sabwerera m'nyumba yauve. Loweruka m'mawa tinalowa azimayi anayi ndi ndowa, mabulashi ndi bulitchi. Ena anatenga khitchini ndi kuchipinda, ine anandipatsa pabalaza.

Nditafika pawindo paja mtima unandiuza kuti mwayi wanga ndi uno. Ndinaganiza kuti inki ija ndi zokhwatchakhwatcha za anthu a ku bwalo, ndipo kuti a Nkhoma ankangondiletsa chifukwa cha liuma la azibambo okhala okha. Ndinathira madzi otentha m'beseni, bulitchi wosachepa, n'kuviika mipira yonse. Ndinaikwecha ndi bulashi umodziumodzi, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Inki ina inkakana, ine n'kumawonjezera mphamvu. Ndinaiumitsa pa hita, ndinatsuka zitsekero zija, n'kuibwezera pamzere. Mai Tembo atalowa anawomba m'manja.

"Ah! Yayera monga ma egg ya mu shop! Bazakondwera maningi."

Lolemba masana tinawalandira ndi mpunga wa nkhuku. Analowa ndi ndodo, pang'onopang'ono, akumwetulira mbali imodzi ya nkhope. Atafika pakhomo la pabalaza anaima. Maso awo sanapite pa tebulo la chakudya, anapita pawindo. 

"Ndani?" anafunsa.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu amene wakhoza samu.

Anayenda mpaka pawindopo, anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kutola mpira umodzi. Anautembenuza mbali zonse. Anausiya, n'kutola wina.

"Panali zolemba apa, Nabanda."

"Zokhwatcha zija, agogo? Zachoka zonse. Zinavuta, koma zachoka."

"Analemba ndi Giulia. Mkazi wanga."

Kenako anafotokoza, mawu akuwavuta, ife tili chiimire ndi mbale m'manja. Mu besibolo muli mwambo woti munthu akachita chinthu chachikulu pa moyo wake wa masewera, mpira umenewo amauchotsa m'bwalo n'kumupatsa kuti akasunge. Dothi lake silichotsedwa. Giulia ankakhala pa benchi yomweyomweyo masewera aliwonse, cholembera chili m'chikwama, ndipo mpira wotere ukabwera ankalembapo tsiku, malo, chimene chachitika, ndi kamawu kake kowaseka mwamuna wake. Awiriwa sanalemberanepo kalata chifukwa sanatalikiranepo. Zolemba za dzanja la mkazi wawo zimene anali nazo zinali zokhazo.

Ananenanso china chimene chinandimaliza. Sitiroko inawasiyira mabowo m'mutu. Zaka zina zinkabwera, zina zinkakana, mayina ankasokonekera. Masabata onse atatu m'chipatala ankadzilimbitsa mtima kuti akafika kunyumba akawerenga mipira ija, Giulia akawakumbutsa kuti iwo anali ndani.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanatulutsa Chitaliyana chija. Anangopempha mpando, munthu wodana ndi mipando, n'kukhala. Ine dziko linandichepera. Ndinasiya mbale pa tebulo n'kutuluka, ndinakalirira pa masitepe. Madzi akatayika sawoleka, ndipo amene ndinataya ine sanali anga.

Masiku atatu ndinkakwerera basi pa siteji ina, yakutali, kuopa kudutsa pansi pa windo lawo. Ndinayamba kufunsa za zipinda ku Ballymun kuti ndisamuke. Kutchalitchi ndinali nditatsimikiza kuti sindidzapondako. Tsiku lachinayi Mai Tembo anagogoda pakhomo panga, maso ali ofiira ngati anga.

"Bakuitana. Bakamba ati ubwele na pen. Osati ya red."

Ndinawapeza atakhala pafupi ndi windo, bulangete lili pamiyendo. Ndinagwada n'kuyamba kupepesa, koma anandidula ndi dzanja.

"Dzuka, Nabanda, pansi pazizira. Inki ndi inki. Ukuganiza munthu amene wagwira mipira moyo wake wonse amafuna kuwerenga? Mpira uliwonse uli ndi zipsera zake, ndipo zimenezo bleach yako sinachotse. Zala izi zikuidziwa yonse. Ndipatse umodzi."

Ndinawapatsa wa kumapeto. Anatseka maso, anauzunguza m'zala zokhota zija, chala chachikulu chikutsatira ulusi wofiira. Anaima pa kamalo kokalika.

"Eya. Uwu ndi woyamba. Lembapo. M'Chichewa, kuti nawenso uzimva."

Umu ndi mmene ndinadziwira mbiri ya a Nkhoma, Loweruka lililonse masana, mpira umodzi kapena iwiri, mpaka nyengo yozizira inatha.

Besibolo anaiyamba ali mnyamata wamkulu kale, akugwira ntchito pansi pa mgodi, m'tinjira totsika momwe munthu saima chilili. Maondo aja anawapeza kumeneko. Mainjiniya ochokera kunja ankasewera besibolo Loweruka, koma palibe mwa iwo amene ankafuna kunjuta kumbuyo kwa chibonga dzuwa lonse. A Nkhoma anati kunjuta ndiye ntchito yanga ya sabata yonse, bweretsani chisoticho. Mtaliyana wina wa kampani yomanga misewu anawaona akuwakha, n'kulembera abale ake kwawo, m'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja kumene anthu amakonda besibolo kuposa mpira wa miyendo. Anapita ndi sutikesi imodzi, osadziwa ngakhale kupempha madzi m'chinenero cha kumeneko.

Mpira woyamba uja unali wa tsiku limene anamenya bwino koyamba ngati wosewera wolipidwa. Anathamanga, monga amachitira womenya akaukhoza mpira, n'kufika pa malo oyamba opumira, koma m'malo moima anapitirira mpaka kumpanda chifukwa cha chimwemwe, bwalo lonse likufa ndi phwete. Mtsikana wogulitsa matikiti ndi amene anawabweretsera mpirawo, atalembapo kale kuti munthu uyu amusonyeze poimira. Ameneyo anali Giulia.

Wina unali wa tsiku limene anamenya mpira n'kudutsa pamwamba pa mpanda koyamba, kukagwera m'munda wa tomato wa nkhalamba ina imene inakana kuubweza mpaka a Nkhoma atapita okha kukalimira mizere iwiri. Wina unali wa tsiku limene anzawo anawasankha kukhala kaputeni, munthu wakuda yekhayo m'timu, amene poyamba ana a m'tauniyo ankamutsatira mumsewu kuti amukhudze khungu. Wina unali wa chaka chimene anatchedwa wosewera wopambana onse m'dziko lonselo. Za umenewu anakamba mwachidule kwambiri, ngati akupepesa, n'kuthamangira kutamanda oponya a chaka chimenecho.

Umene ankaukonda unali wa tsiku limene woponya wawo anamaliza masewera onse popanda mdani ngakhale mmodzi kumenya mpira wopita patali. Anati zikayamba kuoneka kuti zitheka, pali lamulo losalembedwa loti aliyense atseke pakamwa. Woponyayo amakhala yekha kumapeto kwa benchi, palibe womulankhula, palibe wokhala naye pafupi, kuopa kuthawitsa mwayi. A Nkhoma zimenezi zinawakanika. Kwawo munthu wokhala yekha chete ndiye kuti waferedwa, ndipo woferedwa sasiyidwa. Anapita kukanjuta pambali pake, osanena kanthu, anzawo akuwaponyera maso ngati mfiti. Masewera atatha, woponyayo anakana kusunga mpirawo, anaupereka kwa iwo.

Ndiye panali wa chikho. Masewera omaliza a chaka, mdani akuthamangira pamalo ogoletsera kuti afananitse zigoli, a Nkhoma atamutsekera njira ndi mpira m'dzanja, woti ukangowapulumuka chigoli chalowa. Munthuyo anawagunda ndi thupi lonse. A Nkhoma anathyoka fupa la paphewa ndi mano awiri, anakomoka, koma atawatembenuza anapeza mpira uli m'dzanja, zala zitauma mouzungulira. Tauni yonse inavina mpaka m'nyanja, iwo ali m'chipatala akumwa supu ndi kapaipi. Ndinalemba pa mpirawo kuti: Anakomoka koma sanataye. Anandiuza kuti Giulia analemba zoti mano awiriwo anali oipa kale.

Loweruka lachitatu Mai Tembo anabwera ndi mandasi n'kukhala. Kenako anayamba kubwera azibambo aja amene anaseka, mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake chonamizira. Amene anafunsa za salary ya kunjuta uja anafufuza pa intaneti kuntchito kwake, n'kubwera ndi pepala la chithunzi chakale: mnyamata wa chifuwa chotambalala atanyamulidwa pamapewa, chisoti cha mawaya chili m'manja. Analiika pa tebulo n'kuvula chipewa. A Nkhoma analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati mnyamatayo akufunika kumeta.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Masiku ena dzina la mnzawo linkawathawa, n'kumenya ndodo pansi mokwiya. Tsiku lina anandikalipira chifukwa cholemba mopendama, ati mpira ndi wozungulira, sulembedwa ngati envelopu. Koma za beseni ndi bulitchi sanatchulenso ngakhale kamodzi, ngakhale mwanthabwala, pamene anali munthu woti ukapunthwa pamaso pake azikukumbutsa mpaka Khirisimasi. Pofika mpira womaliza, wa tsiku limene anasiya kusewera maondo atakana, mtima wanga unali utabwerera m'malo. Ndinkadziuza kuti ndinawononga inki yokha, koma mbiri inapulumuka yonse, mpira uliwonse ndi nkhani yake.

Sitiroko yachiwiri inawapeza Lachitatu m'mawa, dzuwa la mu June litalowa kale pawindo, ndipo sinawapatse mpata. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lucia, anabwera kuchokera ku Italy kudzatenga thupi kuti akaliike pafupi ndi mayi ake. Ndi mayi wa msinkhu woposa wanga, wa chifuwa cha bambo ake ndi maso amene ndikuganiza kuti ndi a Giulia. Ndinkamuopa. Tsiku lolongedza katundu tinatsala awiri pabalaza, tikulankhula Chingerezi chothyokathyoka. Anatola mipira ija umodziumodzi, ine ndikumumasulira zimene ndinalemba. Atafika pa wa chikho anaima, anauyang'anitsitsa, n'kuyamba kuseka misozi ikutsika.

Anati umenewo si wa chikho. Wa chikho ankaudziwa bwino, chifukwa ali mwana anadula ulusi wake ndi sizasi ya mayi ake n'kukwapulidwa. Anausakasaka pamzere paja n'kundionetsa ulusi wodukawo. Unali umene ine ndinalembapo za munda wa tomato.

Ndinati mwina anangosokoneza umodzi, poti ankaizindikira ndi zala. Lucia anapukusa mutu. Anati bambo ake sanathepo kusiyanitsa mipira imeneyi ndi zala, ngakhale ali ndi mphamvu zawo zonse. Ali wamng'ono ankaisinthanitsa dala pa shelefu, ndipo bambo ake nthawi zonse ankavala magalasi n'kuwerenga kaye. Nkhani zonse zimene anandiuza zinali zoona, iye anakula akuzimva. Koma zoti nkhani iyi ndi ya mpira uwu, zimenezo zinapita ndi madzi a m'beseni, ndipo iwo ankadziwa.

Kenako anandiuza za foni. Tsiku lomwe anatuluka m'chipatala lija, ife titabalalika, a Nkhoma anamuimbira. Lucia anati sanawamvepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a mayi ake. Iye anapsa mtima, anafuna dzina langa, anafuna kukwera ndege. Bambo ake anamudikira mpaka atatopa, kenako anamuuza kuti mtsikanayo waponya pansi, ndipo ntchito ya wowakha ukuidziwa. Anamulumbiritsa kuti asadzandiuze kanthu iwo ali moyo.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa kapeti. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti ndikuthandiza nkhalamba kukumbukira, pamene nkhalambayo inali itaika chifuwa patsogolo kuti cholakwa changa chisadutse n'kundithamangitsa pakati pa anthu anga. Kutseka maso kuja, kusisita ulusi kuja, ankachitira ine. Ndinachita manyazi, koma kuposa manyaziwo ndinathokoza, ndipo ndikuthokozabe. Munthu amene ndinamulanda chinthu chomaliza cha mkazi wake anandibwezera mpira osandiyang'ana ndi diso loipa.

Ndinamufunsa Lucia ngati akufuna ndifufute zimene ndinalemba, poti zili pa mipira yolakwika. Anandigwira dzanja mwamphamvu ya bambo ake.

"No, no, no. Iwe, no more washing."

Liwu loti iwe analiphunzira kwa Mai Tembo m'masiku awiri okha. Anakulunga mipira yonse m'malaya a bambo ake, limodzi ndi chigolovesi chonunkha chija, n'kupita nayo. Anati adzauza ana ake kuti agogo awo analembedwa kawiri, koyamba m'chinenero cha mkazi wawo, kachiwiri m'cha mayi awo.

Mwini nyumba ankafuna makiyi kumapeto kwa mwezi, nyumba ili yoyera, chifukwa masiku amenewo ofuna malo ankaima pamzere. Tinapitanso ndi Mai Tembo, ndowa zomwe zija, mabulashi omwe aja. Tinatsuka khitchini, bafa, makoma, mpaka kuseri kwa hita. Pabalaza panalibenso kanthu, mpando uja tinali titaupereka, mawu athu ankangobwerera kuchokera kukhoma. Ndinafika pawindo ndi kansanza konyowa m'manja.

Kuyambira tsiku la beseni lija palibe amene anapukutapo. Fumbi la miyezi isanu ndi itatu linali litayala bwinobwino, ndipo m'fumbimo munali timabwalo khumi ndi tiwiri toyera, pamzere, pamene pankakhala zitsekero za jamu. Pansi pa windolo pankaoneka siteji ya basi, anthu atatu ataima chilili, pakona paja palibe wonjuta.

Mai Tembo anabwera kumbuyo kwanga, anayang'ana pawindopo, n'kuyang'ana kansanza kanga.

"Landlord azakamba kuti sitinasilize," anatero motsitsa mawu.

"Akambe," ndinayankha.

Ndinafinyira kansanzako m'ndowa. Tinatseka chitseko pang'onopang'ono kuti mphepo isaulutse fumbilo, n'kutsika masitepe.